Nkhope Ziwiri M'wotchi ya Apongozi

Chaka chimene mwana wathu woyamba ankakwatiwa, amuna anga anatulutsa wotchi ya malemu bambo awo m'kabati n'kundipempha kuti ndikaikonzetse m'tauni. Inali wotchi ya m'thumba, yozungulira, yolemera m'manja, yokhala ndi kachitseko kamene kamatseguka ukadina kamutu ka pamwamba. Apongozi aamunawo anaigula ku Kitwe ali mnyamata, nthawi imene ankagwira ntchito ya ukalaliki kumigodi. Inaima kalekale, ine ndisanalowe n'komwe m'banjamo. Amuna anga ankafuna kuti tsiku la ukwati, poperekeza mwana wawo kuguwa, wotchiyo izidzagunda m'thumba la jekete lawo. Iwo masiku amenewo ankangokhalira maulendo a ntchito, choncho katunduyo anagwera ine, poti ndikaweruka ku Capital Hill, kumene ndinkagwira ntchito ya ulembi, ndinkatsikira m'tauni ndithu ndisanapitirire kwathu ku Area 9.

Anzanga a ku ofesi anandilozera bambo wina wokonza mawotchi chapafupi ndi mzikiti, pakhonde la sitolo ya nsalu. Ndinawapeza atakhala kuseri kwa kathebulo ka galasi, atavala kofiya yoyera, ndevu zaimvi zometedwa bwino m'mbali. Anali munthu wa nkhani. Asanaione n'komwe wotchiyo anali atandifunsa kale kwathu, kwawo kwa amuna anga, ndiponso ngati mkamwiniyo ndi munthu wa ntchito. Atatsegula kumbuyo kwake anaika kagalasi pa diso n'kusuzumira m'kati. Kenako anati ndiwasiyire ayesere.

Nditabwererako anandilandira ndi nkhope ya munthu wobwera ndi uthenga wa maliro. Anati anayesa zonse, mpaka kuchotsa tizitsulo m'mawotchi ena, koma madzi analowa kalekale ndipo dzimbiri linadya m'kati monse. Wotchiyo siidzagundanso. Ndinaimirira pamenepo ndikuganiza mmene ndikawauzire amuna anga, ndipo mwina nkhope yanga inagwa kwambiri, chifukwa bamboyo anandiuza kuti ndikhale kaye pa benchi, ali ndi chinthu choti andionetse.

Anapisa dzanja m'khosi mwa mkanjo wawo n'kutulutsa kachingwe kakuda. Kumapeto kwake kunali wotchi ya pamkono yopanda lamba, yopanda mivi, yopanda manambala. Kuseri kwa galasi kunali nkhope ya munthu: mwamuna wachinyamata wa masaya olowa, atavala chipewa chachitali, maso atatong'ola ngati wojambulayo wamuopseza. Kachithunziko kanali kakale, kofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Anati amenewo ndi bambo awo, anajambulitsa popita kukagwira ntchito ku Joni, ndipo chithunzi chawo china kulibe. Kuyambira pamene anthu anayamba kuona nthawi pa foni, mawotchi akufa amangosiyidwa pa thebulo lawo, eni ake osabweranso, mpaka anadzaza chitini. Tsiku lina manja atasowa chochita anangochotsa zam'kati mwa imodzi n'kuikamo bambo awowo.

Ndinaigwira m'manja n'kuiyang'anitsitsa. Galasi la wotchi limakhala lotukuka pang'ono, ndiye nkhope ija inkaoneka ngati yasendera pafupi, ngati munthu wasuzumira pawindo kuti aone amene akudutsa. Sindinaonepo chinthu chotero. Ndipo ndili chigwirire ndinakumbukira chikwama cha apongozi aamuna.

Chikwamacho chinali m'kabati momwe munali wotchimo. Amuna anga anabwera nacho pochokera kumaliro a bambo awo, ndipo m'kathumba kam'kati munali tizithunzi tiwiri tating'ono ngati masitampa, tam'mbali mwa manomano. Kamodzi kanali ka apongozi aamunawo, kochokera pa chitupa cha ntchito, atavala jekete ndi taye, tsitsi atalilemba mzere ndi lumo. Kena kanali ka mtsikana wovala chipewa chopendekeka, akumwetulira cham'mbali. Amuna anga anandiuza kalekale kuti amenewo ndi amayi awo asanakwatiwe. Ankati bambo awo ankakonda kuwaonetsa ali mwana, amvekere taona amayi ako ali mtsikana, ndipo amayiwo akamva ankangotsonya n'kulowa kukhitchini.

Ndinawafunsa bambo a mawotchi ngati m'wotchi ya m'thumba mungalowe nkhope ziwiri, ina pamene panali mivi, ina pa kachitseko, kuti ukatseka anthuwo aziyang'anizana. Anaitembenuza, n'kuyeza ndi chala, kenako anamwetulira mpaka ndevu zinanyamuka. Anati zimenezo sanachitepo, koma ndi zimene akufuna kuchita.

Tsiku limenelo sindinadikire minibasi. Ndinayenda wapansi mpaka ku Area 9, nsapato za ku ofesi zikundiluma, dzuwa la Okutobala likuwotcha, ine osamva kanthu. M'mutu mwanga munali apongozi aakazi okhaokha.

Ndiyenera kunena za iwo. Anali mayi wa ku Rumphi, wamtali, wowongoka msana, mtsogoleri wa amayi a kutchalitchi kwawo kwa zaka zambiri. Sankakalipa, sankanyoza, koma sankasekanso. Ine Mchewa wa ku Nathenje ndinalowa m'banja lawo ndili ndi mantha, ndipo manthawo sanathe ngakhale ana anga atakula. Ankanditcha mkamwana, monga amatchulira mkazi wa mwana wawo kumpoto, ine n'kumawatcha amama. Mphatso zonse zimene ndinawapatsapo, nsalu, nsapato, bulangete, ankazilandira ndi manja awiri, kuthokoza mwaulemu, n'kuziika m'sutikesi. Sindinawaonepo atavala ngakhale chimodzi. Tsopano anali kubwera ku ukwati wa mdzukulu wawo, ndipo ndinadziuza kuti ichi chokha sadzachiika m'sutikesi.

Amuna anga atabwera ndinawauza nkhani ya dzimbiri mofulumira, kuti ndifike msanga pa nkhani yeniyeni. Poyamba anakana. Anati wotchi ya bambo awo siingatumbulidwe ngati nkhuku. Ndinawaonetsa pa foni wotchi ya bambo a mawotchi ija, ndinawafotokozera za kachitseko, ndinatenga tizithunzi tija n'kutiyang'anitsa pa thebulo, kenako n'kutigundanitsa pang'onopang'ono. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti ndipite, koma tizitsulo tam'kati ndikabwere nato, asakataye.

Loweruka lotsatira ndinalawirira m'tauni. Bambo a mawotchi anayala kansalu koyera pa thebulo n'kuika tizithunzi tija. Anandichenjeza kuti ayenera kudula makona kuti tilowe mozungulira, ndipo chodulidwa sichibwerera. Ndinatijambula kaye pa foni, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, kenako ndinawauza kuti adule. Pamene lumo linkayenda ndinayang'ana kumsewu, kwa anyamata a makabaza ndi amayi ogulitsa nthochi.

Ntchitoyo inatenga m'mawa wonse ndipo sindinachoke. Anakhuthula chitini cha mawotchi akufa kufunafuna galasi loyenera kachitseko. Loyamba linali ndi mzere wokalika umene unadutsa pamphuno pa apongozi aamuna, lachiwiri linasweka m'manja mwawo ndipo anadzidzudzula okha m'Chiyao. Lachitatu linakhala bwino. Mayi wa m'sitolo ya nsalu, amene ankangotulukatuluka kudzaona, anabweretsa kachidutswa ka nsalu yakuda yofewa kuti aike kuseri kwa zithunzizo. Tcheni chakale chinali chachifupi, cha m'thumba, ndiye ndinathamangira mumsika kukagula chachitali chovala m'khosi. Pobwerera ndinawapeza bamboyo akuyang'ana mtsikana wa chipewa uja ndi kagalasi kawo ka pa diso.

"Mayi awa ankadziwa kuti ndi okongola," anatero. "Taonani mpata wa pakati pa manowo. Akuuonetsa dala."

Anandibwereka kagalasiko ndipo ndinauonadi mpatawo, waung'ono, umene ndi maso chabe sungauone. Ndinaseka ndekha poganiza kuti zaka zonsezi mano a apongozi anga ndinali ndisanawaonepo bwinobwino.

Atamaliza anapukuta wotchiyo mpaka inawala, n'kuitseka, n'kundipatsa kuti nditsegule ndekha. Ndinadina kamutu kaja. Kachitseko kanatseguka, ndipo anali pamenepo awiriwo, mnyamata wa taye kumanja, mtsikana wa chipewa kumanzere, ngati angokumana kumene. Ndinatseka, ndinatsegulanso. Mayi wa nsalu anapempha kuti atsegule nawo, kenako mlonda wa sitolo yoyandikana, kenako munthu wina wongodutsa amene sindinkamudziwa n'komwe.

Kusunga chinsinsi kunandivuta kwambiri. Lolemba ndinapita nayo ku ntchito, ndikudziuza kuti ndionetsa mnzanga mmodzi yekha. Pofika nthawi ya nkhomaliro inali itazungulira maofesi a m'khonde lathu lonse, ndipo amayi ena anali atayamba kale kuimbira foni kumidzi kufunsa ngati chitupa chakale cha agogo chikadalipo. Kunyumba ndinaibisa m'bokosi la chipewa chimene ndinagula kuti ndidzavale pa ukwatiwo, koma ndikalowa kuchipinda kukatenga chinthu china ndinkapezeka ndaitulutsa.

Apongozi anafika pa basi kutatsala masiku ochepa kuti ukwati uchitike. Ndinkafuna kudikira mpaka m'mawa wa tsiku lenilenilo, koma ndinalephera. Masana ena tinali pakhonde lakuseri tikusankha mpunga wa paphwando, ine, apongozi ndi alamu anga a ku Area 4. Alamuwa anali mwana wa akulu awo a apongozi. Amayi awo anamwalira ku Ndola iwo ali wakhanda, analeredwa ndi abale a bambo awo komweko, ndipo kuno anabwera ali munthu wamkulu kale, atakwatiwa ndi mphunzitsi. Amuna anga anali chapafupi, akukonza mndandanda wa magalimoto a ukwati pa foni. Ndinaika lichero pansi, ndinalowa m'nyumba, ndinabwera ndi wotchi ija nditaikulunga m'kampango, n'kugwada pafupi ndi apongozi.

Anapukuta manja pa chitenje n'kulandira ndi manja awiri monga mwa masiku onse. Atafunyulula anaizindikira wotchiyo pomwepo, ndipo anaisisita ndi chala. Ndinawalozera kamutu kaja. Anadina. Anaiyandikitsa kumaso, anaitalikitsa, kenako anatuma alamu kuti akawatengere magalasi awo. Atavala anayang'ana mbali ya amuna awo nthawi yaitali. Kenako maso anapita mbali inayo.

Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinaganiza kuti akulira, ndipo ndinayamba kudzimvera chisoni kuti ndawakumbutsa zowawa pa nthawi ya chisangalalo. Koma phokoso limene linatuluka silinali la kulira. Apongozi anga ankaseka. Anaseka mpaka anaweramira pa lichero, mpunga wina n'kutayikira pansi, misozi ikutsika pansi pa magalasi. Amuna anga anaimirira foni ili m'manja. Ine ndili chigwadire ndinawaona mano awo onse kwa nthawi yoyamba, oyera, othinana bwino, opanda mpata ngakhale wolowa ulusi.

"Uyu ndine yayi," anatero m'Chitumbuka atapeza mpweya, kenako anabwereza kuti ndimve bwino. "Mkamwana, si ine uyu. Awa ndi akulu anga. Mwawatsekera amuna anga m'nyumba imodzi ndi alamu awo."

Amuna anga anayamba kutsutsa, amvekere bambo ankanena okha, koma apongozi anawakwezera dzanja kuti akhale pansi, ndipo anatifotokozera. Anati nthawi imeneyo mnyamata wa ku Kitwe uja analembera akuluakulu a kwawo kuti amupezere mbeta ya kumudzi, ndipo iwo anatchula mtsikana wa m'banja lakuti, amene anali apongoziwo. Mnyamatayo anachoka kumudzi mtsikanayo ali kamwana kothamanga ndi mbuzi, ndiye anatumiza kachithunzi kake ka pa chitupa n'kupempha kuti nayenso amutumizire. Koma wojambula kuderako kunalibe, ndipo ulendo wa kuboma unali wa masiku. M'nyumbamo munali chithunzi chimodzi chokha, cha akulu awo, amene anali atakwatiwa kale ku Ndola ndipo anachitumiza kuti makolo aone kuti akukhala bwino. Amayi awo anachiyang'ana, anayang'ana mwana wawo wamng'onoyo, n'kugamula kuti nkhope ndi ya m'nyumba imodzi, chipite chomwecho.

Mnyamatayo atabwera kudzaona mbeta yake anakhala pa mpando, akuluakulu ali pomwepo, n'kutulutsa chikwama. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana mtsikana, anayang'ananso chithunzi. Apongozi anati iwo ankangoyang'ana zala zawo za kumapazi, akudikira kuti munthuyo anyamuke azipita. M'malo mwake anatseka chikwama n'kunena kuti wojambula wa kuno ndi wanjiru, wamuchepetsa mwana wa eni ake. Ukwati unachitika, ndipo akulu awo anabwera kuchokera ku Ndola atavala chipewa chomwecho. Mkwati anawapatsa moni mwaulemu, osasintha nkhope. Patapita milungu, ali awiri ku Kitwe, anaika kachithunziko pafupi ndi mbale ya mkazi wake n'kunena kuti alamu akupereka moni.

Kuyambira pamenepo, anatero apongozi, inakhala nthabwala yawo ya awiri. Akakangana, bamboyo ankatulutsa chikwama n'kudandaula kuti iwo anafunsira wa chipewa. Ana akafunsa ankawanamiza dala mkazi wawo akumva. Ndipo iwo, mkazi wa mkulu wa mpingo, akanayamba bwanji kuuza ana kuti analowa m'banja ndi nkhope yobwereka. Bamboyo atamwalira anafunafuna kachithunziko osakapeza, ndipo anangoti kanapita nawo kumanda m'thumba la jekete.

Tonse tinkaseka, ngakhale amuna anga, amene ankangopukusa mutu n'kumanena kuti ali ku sukulu yogonera komweko ankagona akuganiza nkhope imeneyi, osadziwa kuti akusowa amayi aakulu. Ine manyazi ndi chimwemwe zinandigwira pamodzi. Koma nditatembenuka ndinaona kuti alamu anga sakuseka. Anali atasiya kusankha, manja ali mu mpunga. Apongozi nawo anaona, ndipo kuseka kunatha pang'onopang'ono. Anawaitana kuti asendere, n'kuwaika wotchiyo m'manja.

"Mwana wane, amayi ako ndi awa."

Alamu anali asanaonepo nkhope ya amayi awo. Kwa abale a bambo awo kunalibe chithunzi chilichonse. Anaigwira wotchiyo ngati dzira, anayang'ana, ndipo milomo yawo inatseguka pang'ono. Mpata wa pakati pa mano awo ndinkaudziwa kuyambira tsiku limene ndinawaona koyamba, koma sindinaganizepo kanthu. Analira mwakachetechete, apongozi atawagwira paphewa, ndipo mpunga tsiku limenelo anamaliza kusankha ndi atsikana.

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, kuti wotchiyo ipita kwa alamu ndipo ine ndalepheranso kuwapatsa apongozi chinthu. Koma m'mawa mwake ndinawapeza atavala kale, nsapato zakutchalitchi kumapazi, chikwama pamiyendo. Anati ndiwaperekeze kwa munthu wa mawotchiyo. Akulu awo atuluke apite kwa mwana wawo, ndipo m'nyumba mwa amuna awo alowemo eni ake. Ndinawakumbutsa kuti chithunzi chawo cha utsikana palibe. Anayankha kuti nkhope ali nayo, ndipo anamva kuti ku Lilongwe ojambula ali pakhomo lililonse. Tili pachitseko anandifunsa ngati ndili ndi chipewa. Ndinathamanga kukatenga changa cha ukwati, chimene ndinali ndisanachivalepo.

Tinatengana ndi alamu ku Area 4 n'kulowa mu situdiyo ina ya zithunzi za pasipoti. Wojambula anali mtsikana wa tsitsi lofiira, ndipo ataona gogo akuvala chipewa anafotokoza mwaulemu kuti pa chithunzi cha pasipoti salola chipewa, salolanso kumwetulira. Apongozi anamuuza kuti iwo sakupita kulikonse. Anakhala pa mpando, anapempha kalilole, anapendeketsa chipewacho mbali imodzi, anachibweza pang'ono, n'kufunsa alamu ngati chakhala ngati cha amayi awo. Kenako anatembenuza mutu cham'mbali n'kumwetulira. Mtsikanayo anajambula kangapo, ndipo apongozi anasankha okha pa kompyuta, n'kulamula kuti achotse mitundu chikhale chakuda ndi choyera ngati cha amuna awo. Chitatuluka anachiyang'ana n'kunena kuti wojambula wa kuno alibe njiru.

Bambo a mawotchi atationa tikubwera atatu anaimirira, akuganiza kuti pali cholakwika. Ndinayamba kufotokoza, koma apongozi anandilanda nkhaniyo n'kuinena okha, kuyambira ku Kitwe mpaka pa mbale. Bamboyo anaseka mpaka kagalasi kanagwa pa diso n'kugubuduzika pa thebulo, ndipo anaitana mayi wa nsalu kuti adzamve, apongozi n'kuyambiranso. Bamboyo anali atakhalapo ku Mzuzu pa malonda ali mnyamata, ndiye anayesa Chitumbuka chawo chothyokathyoka, apongozi n'kumawakonza ngati mwana wa sukulu.

Kuchotsa chithunzi cha akulu awo sikunavute. Chovuta chinali kuchipezera nyumba ina, chifukwa alamu anakaniratu kuti lumo lisachikhudzenso, ndipo mawotchi a pamkono onse anali aang'ono. Chitini chinakhuthulidwanso. Pansi penipeni panapezeka wotchi yaikulu yonga imene amagwira oimbira mpira, ndipo chithunzicho chinalowa ngati anachiyezera. Bamboyo analumikiza pini kumbuyo kwake kuti izivalidwa pachifuwa, ndipo alamu anaibaya pa bulauzi pomwepo osadikira ukwati.

Pamene ankadula makona a chithunzi chatsopano chija, apongozi anabwereka kagalasi ka pa diso n'kuyang'ana amuna awo. Anakhala choncho nthawi yaitali, diso limodzi atatsinzina, chipewa changa chikadali kumutu, phokoso la minibasi ndi mahutala likudutsa kumbuyo kwawo. Kenako anandikodola n'kundiuza chapansipansi kuti jekete ndi taye zimenezo nazonso zinali zobwereka, za mnzawo wa chipinda chimodzi, ndipo iwo anadziwa atafika ku Kitwe n'kupeza mwini wake atazivala.

Wotchi itatsekedwa anaitsegula okha. Kumanja mnyamata wa zaka za m'ma makumi awiri, kumanzere gogo wa makwinya ndi chipewa chopendekeka. Anagwedeza mutu n'kunena kuti tsopano anthu aziti anakwatiwa ndi mwana. Anaweramitsa khosi kuti ndiwaveke, ndipo alamu anandithandiza kukola tcheni.

Tsiku la ukwati, madyerero anali mu holo ina ku City Centre. Apongozi anakhala kutsogolo, wotchi ili pachifuwa pamwamba pa nsalu ya banja, alamu ali pambali pawo ndi yawo. Poyamba anabwera achibale a kumpoto kudzapereka moni, ndipo aliyense amene wafunsa ankamutsegulira. Kenako nkhani inayenda m'matebulo. Anzanga a ku Capital Hill, amene anaona wotchiyo ili ndi mtsikana, anabwera kudzafunsa kuti mtsikanayo wapita kuti, apongozi n'kumaloza pachifuwa pa alamu. Pa nthawi ya perekaniperekani woyendetsa mwambo anachita kudandaula pa chimkuzamawu kuti anthu achoke pa thebulo la agogo abwere kutsogolo, akwati ali kuno. Mkwatibwi mwiniwakeyo anatsika pa mpando wake, chovala chikukwekwereka, kudzaona agogo ake atavala chipewa cha amayi ake.

Itafika nyimbo ya akuchimuna ndi akuchikazi, apongozi anaimirira, anandigwira pamkono n'kunditengera pakati. Sindinkadziwa kuti amavina. Ankavina pang'onopang'ono, mapewa okha, dzanja limodzi litagwira wotchi kuti isalendewere, ndipo nyimbo itatha sanandisiye mpaka inayamba ina.

Apongozi anabwerera ku Rumphi atavala wotchi ija m'khosi. Patapita mwezi ndi kanthu anaimba foni kuti ndikalandire katundu ku depoti kwa kondakitala wa basi ya kumpoto. Linali katoni laling'ono lomangidwa ndi chingwe cha sisalo. M'kati munali timitolo ta nsalu, ndipo m'kamtolo kalikonse munali wotchi yakufa ndi kachithunzi kakale: msilikali, namwino wa kapu yoyera, mnyamata atagwira njinga, mayi atanyamula khanda limene nkhope yake inafufutika. Anali a amayi anzawo a kutchalitchi. Ndinapita nalo m'tauni Loweruka, ndipo bambo a mawotchi anayala timitoloto pa thebulo lonse mpaka ena pa benchi. Ananyamula ka namwino n'kundifunsa kuti ameneyu ndi ndani, anakwatiwa kuti, akadali moyo kapena ayi. Ndinati sindikudziwa. Anati iwo sangadule nkhope ya munthu amene sakumudziwa, ndiye ndinawaimbira apongozi n'kuika foni pa thebulo kuti tonse timve. Anayamba ndi namwinoyo, amene ankati anathawa ukwati kawiri. Bamboyo anaitanitsa tiyi, mayi wa nsalu anatulutsa mpando wake pakhonde, ndipo ine zogula za kunyumba tsiku limenelo ndinakagula msika ukutsekedwa.